Kuomba M'manja Kasanu

Balaka, Lachinayi masana, mwezi wa Ogasiti

Zokopera kuchokera kumapeto kwa kope langa lakale lobiriwira:

Felista wa zaka 3, mu Juni: kusiya supuni ataigwira, masekondi 4.
Felista wa zaka 5, mu Januwale: kudzuka pamphasa, masekondi 6.
Felista wa zaka 7, mu Meyi: kuimirira m'kalasi, masekondi 9. Kumenyedwa ndi rula, katatu.
Chaka chomwecho, mu Ogasiti: anthu pamsonkhano wa banja ku Chikweo, 11. Odziwa zoona, 2. Onena zoona, 0.
Zaka zotsatira: matumba a mpunga ochokera ku Nayuchi, 19. Matumba amene ndinatchula mwini wake, 0.

Mwana wanga Felista,

Wapita kukalukitsa tsitsi ndipo wati ubwera dzuwa lisanalowe, choncho ndili ndi maola atatu. Chikwama chako ndachiyeza kawiri pa sikelo ya mayi wogula nandolo uja. Chakwana makilogalamu 22, ndiye kuti pa 23 amene a ndege amalola watsala ndi imodzi. Kalata iyi usaike m'menemo. Ndikupatsa m'manja ukangolowa pakhomo, ndipo uiwerenge lero lomwe, osati m'basi, osati m'ndege. Ukaiwerenga mawa idzakhala itachedwa.

Mawa ukwera basi ya 7 koloko kupita ku Lilongwe, ndipo Loweruka ndege ikutengera kudziko lozizira kumene ukakhale zaka zitatu ukuwonjezera maphunziro ako oyeza magazi. Amayi anzanga akamatsanzika ana amalangiza za amuna ndi za mapemphero. Iwe uli ndi zaka 27, zimenezo ukuzidziwa. Ine ndili ndi nkhani imodzi yokha, ya dzanja lako lija limachedwa kusiya chimene lagwira, ndi ya abambo ako a Lusiyasi amene sunalankhule nawo kwa zaka 19. Ndaphunzitsa masamu zaka 34, ndipo ndinkauza ana kuti yankho lokha silikwana, aonetse njira yonse. Inenso ndikuonetsa njira yonse, ngakhale ikundichititsa manyazi.

Ndiyamba ndi cholakwa changa chaposachedwa, cha chaka chatha. Unabwera kuchokera kuntchito ndi pepala la madokotala, unandipeza pakhonde ndikusankha nyemba. Unali wosangalala, chifukwa chinthu chimene unakula nacho chinali chitapeza dzina. Ndilemba monga unandifotokozera, kuti uone kuti ndinamva zonse. Unati mumnofu uliwonse muli timakomo tosaoneka ndi maso. Mnofu ukamaliza kugwira, timakomoto timalowetsa kolorayidi, imene ndi mbali imodzi ya mchere womwewu timathira m'ndiwo, ndipo kolorayidiyo ndiyo imatontholetsa mnofu kuti upume. Malangizo opangira timakomoto ali pa kachidutswa ka chibadwa kamene madokotala amati jini, ndipo dzina lake unandilembera kuseri kwa kalendala: CLCN1. Mwa iwe malangizowo analakwika pamalo amodzi, timakomo sitigwira bwino ntchito, ndiye mnofu umachedwa kumva kuti ntchito yatha. Ukabwereza kangapo umafewa. Unatinso si matenda ofupikitsa moyo, ndipo mtundu wako ndi uja umachokera kwa kholo limodzi, mwana aliyense wa khololo n'kukhala theka ndi theka, kutengera kapena ayi.

Kenako unati, "Adokotala akufuna magazi a makolo onse awiri, amayi, kuti aone kumene zachokera."

Ine ndinati, "Anga ndi abwinobwino. Kafunse ku Nayuchi."

"Kwa munthu uja? Anandipatsa matenda n'kuthawa. Asunge magazi akewo."

Ndinapitiriza kusankha nyemba. Ndinachotsamo zofumbwa 41, ndikukumbukira, chifukwa sindinkafuna kudzutsa mutu.

Felista, kachidutswa kameneko unakatenga kwa ine. Abambo ako alibe. Ine ndili nako, agogo ako a Malita anali nako, ndipo amayi awo amene anawoloka kuchokera ku Mozambiki atasenza mbewu ya kalongonda anali nakonso. Ndinabereka awiri, mchimwene wako ndi iwe. Iye sanatengere, iwe unatengera. Theka ndi theka, monga ananenera adokotala ako. Werenganso ndime imeneyi ngati ukufuna, sisintha.

Ukudzifunsa kuti bwanji sunandionepo ndikuuma. Ndikuuza. Ndili ndi zaka 9 kunabwera mkulu wa mpingo kwathu ku Chikweo. Ndinagwada, ndinapereka dzanja, ndipo dzanjalo linakana kubwerera. Bamboyo anakoka, ine ndikupita nawo. Anaseka nati, "Mayi Malita, kodi mwanayu akundifunsira? Kunyumbatu kuli kale wina!" Bwalo lonse linafa nako kuseka. Alendo atapita, amayi ananditengera kuseri kwa nkhokwe. Sanandimenye. Anandigwira dzanja mwadzidzidzi, ndipo ndinamva zala zawo zikundikanirira monga zanga zinachitira.

"Waona? N'zakwathu izi," anatero. "Tsopano tamvera. Usanapereke dzanja, uziomba m'manja kasanu, zala zizipinda ndi kutambasuka. Usanadzuke pogwada, uziyamba wakonza chitenje uku ukugwedeza mawondo. Kutchalitchi uzikhala womaliza kunena ameni. Ndipo mwamuna asadziwe, ngakhale mlongo wako. Amuna akadziwa, mbumba yonse ino sikwatiwa."

Ndinatsatira. Anthu ankati ana a kwa a Malita ulemu wawo ndi wotopetsa, moni mmodzi kuomba m'manja ngati afika kwa mfumu. Kumpingo ankanditama kuti ndimapemphera nthawi yaitali, pamene ine ndinkangodikira miyendo. Kuwerenga kumene umandiseka nako, masitepe a kuchipatala, mazira, masamba a mpiru, kunayambira pamenepo. Munthu amene ayenera kuwerenga kasanu asanapereke moni amazolowera, mapeto ake amawerenga chilichonse. Changa n'chopepukirapo kuposa chako, choncho njirayo inandikwanira kwa zaka 57.

Langizo langa loyamba ndi ili: njira ya agogo ako ndi yabwino, bodza lake ndiye loipa. Kumene ukupitako kumazizira, ndipo ine m'mwezi wa Juni ndimauma kwambiri, kaya iwe. Uzivala zofunda m'manja. Ukakhala nthawi yaitali m'ndege, uyambe wagwedeza mapazi usanaimirire, anthu apite, usapikisane nawo pakhomo. Koma wina akafunsa, umuuze. Usabise dzanja, Felista.

Ndinalakwa pamene ndinakwatiwa osanena. Abambo ako ankakonza njinga pamsika wa Nsanama, pansi pa mtengo, pafupi ndi ogulitsa makaka. Ine ndinali mphunzitsi watsopano ndipo njinga yanga inkatha mphira za mabuleki mwezi ndi mwezi. Ulendo wachitatu anandiyang'ana nati, "Aphunzitsi, mabulekiwa mumadyera ndiwo?" Ndinati misewu ya ku Chikweo ndi yoipa. Anangoti, "Eya, misewu," n'kupitiriza ntchito. Kuyambira tsiku limenelo njinga yanga inayamba kundimvera, chogwirira buleki chinkabwerera chokha mwamphamvu. Ndinkaganiza kuti ndi mafuta abwino. Patatha chaka anabwera kudzakhala kwathu monga mkamwini, anamanga nyumba pamalo athu, amalume ako a Jemusi anawapatsa munda wa kudambo. Zaka zonse zimene tinakhala limodzi, m'mawa uliwonse ndinkapinda zala kasanu pansi pa chofunda ndisanawapatse madzi. Ukadzapeza mwamuna, kaya kumeneko kaya kuno, umuuze ankhoswe asanakumane. Umuuzenso za theka ndi theka. Akathawa, wathawa msanga, ndipo ndi bwino. Usabise dzanja.

Ndinalakwa pamene ndinagula kope lobiriwira lija. Uli ndi zaka zitatu ndinakuona ukulimbana ndi supuni, ukuiyang'ana ngati yakuluma. Ndinadziwa nthawi yomweyo. Mayi wanzeru akanakutengera kuseri kwa nkhokwe monga anachitira amayi anga. Ine ndinatenga wotchi ndi cholembera. Ndinkadziuza kuti ndikufufuza, kuti manambala akatsika ndiye kuti zikutha. Zoona zake n'zakuti kukuphunzitsa kuomba m'manja kukanakhala kuvomera, ndipo abambo ako akanafunsa kuti njirayi ndaidziwira kuti. Agogo ako anafuna kukuphunzitsa, ndinawaletsa. Ndinati, "Zachikale zimenezo, amayi, mwanayu ndi wa mphunzitsi." Anayankha kuti, "Miyendo yake idziwa zoti ndi wa mphunzitsi?" Choncho unakula wopanda njira iliyonse. Galu akauwa mwadzidzidzi unkagwa chagada ngati thabwa. Ukayetsemula, maso ankachedwa kutseguka. Anzako ankakutcha Chikuni, ankati akatumba ako ndi a bambo wa kabaza. Ine ndinkamva, n'kulemba masekondi. Ukadzakhala ndi mwana n'kuona supuni ikumukanirira, usatenge wotchi. Umugwire dzanja amve lako, umuuze dzina la chinthucho, umuuze kuti chinachokera kwa iwe, ndi kwa ine.

Ndinalakwa tsiku la woyendera sukulu, ndipo ndikudziwa kuti tsikulo sunaliiwale ngakhale sunalitchulepo. Unali m'kalasi langa. Munali mutakhala pansi kwa ola lathunthu mukulemba. Mlendo atalowa ndinati, "Imirirani!" Ana 62 anaimirira. Mmodzi anatsala, manja ali pansi, akukankha, nkhope itafiira ndi khama. Ndinawerenga mumtima mpaka 9.

Mlendoyo anati, "Mwana wa ndani wamwanoyu?"

"Ndi wanga, bwana."

"Ndiye ngati wanu akukukanikani, a eni akewa muwatha?"

Ndinakuitana kutsogolo. Ndinakumenya ndi rula pachikhatho. Kachitatu dzanja lako linatseka ndi ululu, linagwira rulayo, ndipo silinasiye. Ndinakoka, iwe ukubwera. Kalasi lonse linaseka, linkaganiza kuti ukulimbana nane. Unati, "Amayi, sindikuchita dala." Ine ndinati, "Muno ndine aphunzitsi."

Padziko lonse panalibe munthu wodziwa bwino kuposa ine kuti sunkachita dala. Dzanja langa lomwe linali litaumira pa rulayo, mbali inayo. Tinali awiri titagwira thabwa limodzi, aliyense akulephera kusiya, ndipo wamkuluyo ndi amene ananama. Kumene ukupitako kudzakhala akuluakulu amene udzafune kuti akuone bwino. Usadzapereke munthu wamng'ono kuti iwe uoneke bwino kwa mlendo amene madzulo ake adzakhala atakuiwala. Dzina la woyendera sukulu uja sindikulikumbukira n'komwe.

Ndinalakwa koposa pamsonkhano wa mu Ogasiti. Nkhani ya rula inafika m'mudzi, anthu anayamba kunong'ona, ndipo amalume ako a Jemusi, monga mwini mbumba, anaitana ankhoswe a mbali zonse. Amalume ako sanatengere ndipo sankadziwa kanthu, usawaimbe mlandu woposa wawo. Tinakhala pabwalo anthu 11, iwe tinakutumiza kwa anzako.

A Jemusi anati, "Alamu, tisazungulire. Kuno kwathu palibe anaumapo ngati chikuni. Ana athu ulemu wawo mukuudziwa nokha. Ndiye zachokera kuti?"

Agogo ako a kuchimuna, amayi a abambo ako, amene anayenda ulendo wautali kuchokera ku Nayuchi, anati, "Iyayi, kwathunso kulibe zimenezo."

A Jemusi anati, "Nanga malemu amuna anu aja ankakoka mwendo?"

"Anagwa padenga akufolera nyumba."

"Akutero ndani? Ife tinalipo?"

Pamenepo nkhoswe wa abambo ako anatembenukira kwa ine. Anati, "Aphunzitsi, inu ndinu ophunzira, timamva kuti mumalemba chilichonse. Kwanu kuno munamvapo zotere?" Ndinayang'ana amayi anga. Anali atazolika, akumanga ndi kumasula nsonga ya chitenje, ndipo ndinadziwa kuti akufewetsa zala pokonzekera kutsanzika alendo. Ndinati, "Iyayi. Kwathu kulibe." Mawu atatu.

Abambo ako anandiyang'ana nthawi yaitali. Imeneyo yokha sindinaiwerenge. Kenako anati, "Basi, zisavute. Tinene kuti n'zakwathu."

Ukudziwa mmene mudzi umakhalira ndi mkamwini amene wapezeka ndi chifukwa. Akamadutsa pachitsime amayi ankatsokomola. Pamaliro ankawapatsa ntchito yokumba okha. Mvula isanagwe, a Jemusi anatenga munda wa kudambo n'kupatsa wina. Anapirira chaka chimodzi. Tsiku lina iwe uli kusukulu anamanga bokosi la masipanala ndi wailesi panjinga, nati, "Amake Felista, ndikakhala pano mwanayu azimva zimenezi tsiku ndi tsiku. Ndili ku Nayuchi. Mukandifuna, njanji ndi yomweyo." Sindinawagwire. Utabwera unafunsa, ndipo ndinati, "Abambo ako achita nawe manyazi, apita." Mawu asanu ndi limodzi. Ndawawerenga kambirimbiri, sachepa.

Sanachite nawe manyazi, Felista. Amene anachita manyazi ndine, ndipo sindinachite nawe manyazi iwe koma ine ndemwe. Ukadzafunsidwa funso pamaso pa anthu, ndipo yankho loona likukuwotcha, udziwe kuti labodza lidzawotcha munthu wina amene sanalakwe. Usabise dzanja.

Ndinalakwanso ndi mpunga, ndipo apa ndinalakwa ka 19. Chaka chilichonse akakolola ku Nayuchi, thumba linkafika, poyamba ku Chikweo, kenako ku Nsanama nditasamutsidwa, kenako kuno ku Balaka nditapuma ntchito. Pathumba pankalembedwa dzina lako ndi makala. Ndinkalitembenuza kuti zilembo ziyang'ane kukhoma. Ukafunsa ndinkati ndi amalume. Mpunga umene unadya pa Khirisimasi iliyonse, umene unapita nawo kusekondale, umene unagawira anzako kukoleji n'kumawauza kuti amalume ako ndi munthu wabwino, unali wa abambo ako. Anabweranso kawiri kudzakuona. Unadzitsekera kuchipinda, ndipo ine sindinagogode. Uli ndi zaka 16 unabweza kalata yawo osatsegula, ndipo ine ndi amene ndinakupatsa envulopu yobwezera. Ukadzalandira chinthu, uzifunsa bwinobwino kuti chachokera kwa yani, ndipo uzithokoza mwini wake weniweni.

Tsopano ndikuuze chimene chandichititsa kulemba. Sabata yatha unalemba mayina a anthu oti ukawatsanzike, anakwana 23. Ndinayang'ana pepalalo kawiri, dzina lawo panalibe. Abambo ako ali ndi zaka 71, ndipo ndinamva kwa amalonda a pasitima kuti maso awo akuchita khungu ndipo chifuwa sichikuwasiya. Ndinaphatikiza 71 ndi 3. Masamu ake ndi a sitandade 2, koma ndinawabwereza tsiku lonse.

Lolemba lija ndinakuuza kuti ndikupita kumaliro ku Nsanama, kunalibe maliro. Limenelo likhale bodza langa lomaliza kwa iwe. Ndinakwera minibasi mpaka ku Liwonde, ina mpaka ku Nsanama, kenako njinga yamoto mpaka ku Nayuchi. Njira yonse ndinaika manja pamiyendo, osawagwedeza. Ndinawapeza pa kashedi ka udzu pafupi ndi njanji, akuwongola gudumu la njinga. Sankayang'ana, ankangopapasa masipoko ndi zala n'kumamvetsera. Panali mayi wina akudikira njinga yake, atakhala pa thumba la makaka.

Ndinati, "Odi."

Sanadzutse mutu. "Mawu amenewa ndi a aphunzitsi."

Sindinaombe m'manja. Kwa nthawi yoyamba chichokereni kuseri kwa nkhokwe, ndinapereka dzanja mmene linalili. Linagwira, ndipo linakana kusiya. Ndinawerenga mokweza, anthu akumva. Mayi uja anaseka nati, "Agogo, mwabwera kudzatitengera amisiri athu?" Zala zinamasuka pa 7.

Abambo ako anati, "Seveni. Kale inali faifi. Mwakalamba, amake Felista."

Ndinakhala pa bokosi lomwe lija la masipanala. Ndinati, "Munadziwa liti?"

"Ku Nsanama, ndisanakufunsireni n'komwe. Munthu akagwira buleki n'kuchedwa kusiya, mphira imanena. Misewu ya ku Chikweo ankayendamo ndi anthu ena, koma mphira zinkatha zanu zokha. Ndinakuikirani sipuling'i ya njinga ya katundu kuti izikuthandizani kutsegula zala. Simunaone?"

"Nanga pabwalo paja, bwanji simunanene?"

"Ndikananena, amayi anu akanapita bwanji kuchitsime? Inu mukanaima bwanji pamaso pa ana a eni? Ine ndinali wobwera, wobwera amatha kupita. Ndinkati mukapuma pang'ono mumuuza mwana. Sindinkadziwa kuti muwerenga mpaka naintini."

Kenako anafunsa chimene ndinkachiopa. Anati, "Chimodzi chokha chimandisowetsa mtendere. Mwana anabweza kalata yanga. Munamuuza chiyani?" Ndinawauza mawu asanu ndi limodzi aja, monga momwe analili. Mayi uja anasiya kuseka. Abambo ako anazunguza gudumu, linazungulira mpaka linaima lokha. Anati, "Umenewo ndi mlandu wanu ndi iye. Ine sipanala yake ndilibe." Sananene kuti andikhululukira, ndipo sindinapemphe. Anangofunsa ngati umadya bwino, ngati dzikolo lili ndi mpunga, ndiponso ngati anzako anasiya kukutcha dzina lija.

Zimene zatsala ndi zazifupi. Dokotala aliyense amene adzafune kukugoneka ndi mankhwala kuti akuchite opaleshoni, umuonetse pepala lako asanayambe, monga unandiuzira wekha kuti mankhwala ena amaumitsa thupi la anthu onga ife. Ine pobereka iwe sindinanene, ndinangochita mwayi. Pepalalo lizikhala m'chikwama cha m'manja, osati chachikulu. Adokotala ako uwauze kuti Lolemba ndipita kukapereka magazi, ndipo alembe dzina langa lonse. Ndikachoka kumeneko ndipita ku Chikweo. Pa zidzukulu za achemwali anga ndawerenga ana anayi amene amaomba m'manja kasanu asanapereke moni, ndipo anthu akuwatama ulemu. Ndikaitana amayi awo, abambo awo, ndi a Jemusi omwe, pabwalo lomwe lija.

Sindikukupempha kuti undikhululukire lero. Ukafuna kukwera basi osandilankhula, chikwama ndikunyamulira ndithu mpaka kudepoti, ndipo sindidzadandaula kwa munthu. Chimene ndikupempha ndi china. Abambo ako agona ku Liwonde lero kwa mwana wa mlongo wawo, ndipo 6 koloko mawa adzakhala ali padepoti ya Balaka, pamene amapopa matayala. Kunyumba kuno akana kufika. Anati, "Sindimuitana. Akafuna andipeza. Akapanda kufuna, ndimva basi ikunyamuka, zikwana." Adzavala jekete la bulauni, ndipo sindikukayika kuti pambali pawo padzakhala kathumba. Uli ndi malo a kilogalamu imodzi, ndinawauza.

Maso awo sangakuzindikire, anakusiya uli ndi zaka 8. Ndakhala ndikukuona ukupinda zala m'thumba la jekete usanapereke moni, njira imene unaipeza wekha popeza mayi ako anakumana. Mawa usatero. Uwapatse dzanja mmene lilili, lozizira, ligwire mpaka pamene lifunire. Iwo sakoka. Sanakokepo.

Kuwonkhetsa, nditakonza pamene ndinalakwitsa:

Odziwa zoona pabwalo la ku Chikweo: ndinalemba 2, anali 3.
Amene anasenza mlandu wosakhala wake: 1.
Mawu amene ndinanama pabwalo: 3. Amene ndinanama kwa iwe tsiku lija: 6.
Zaka zimene ndinakulanda abambo ako: 19. Zimene ndingathe kubweza: 0.
Kuchokera 6 koloko mpaka basi kunyamuka: mphindi 60.
Zimene dzanja lako likufuna: masekondi 9.

Ndine mayi ako,
Edina